Ulendo wa Loweruka ku Kachulu, munaona chani inu?

Adimini: Mwadzuka bwanji nonse pagulupu pano. Amene tinapita kukaona mbalame ku Kachulu ku nyanja ya Chilwa Loweruka lija tiyeni tiponye zomwe tinaona tisanaiwale, ine kope langa linanyowa nthawi ndinaterereka ija nde theka la zomwe ndinalemba sizikuwerengeka. Zithunzi tumizani koma osati 40 nthawi imodzi chonde, enafe bandulo ndi ya tsiku limodzi.

Anaphiri: Tadzuka bwino adimini kaya inu. Kkkk kuterereka kuja ndinakuonani ine koma ndinangoluma mlomo poti ndinu akuluakulu. Ine ndinalemba akakowa mitundu iwiri, aang'ono otsata ng'ombe aja ndi wamkulu wa khosi lalitali uja, nantchengwa awiri, atsekwe, abakha oliza mluzu aja anali mbwee kuseri kwa njedza, mphipi itayanika mapiko pa chikuni, atchete, anamzeze, kamtema, ndi nkhwazi imodzi yokha basi yomwe tinayamba kuimva kulira tisanaione. Koma zanga zonse zili pa kambalame kaja ndinakuitanirani kaja, mpaka pano mutu sukundigwira.

Wa Legeni: kati asisi

Anaphiri: Inu simunabwere mungadziwe bwanji, munati mudzuka 4 koloko koma foni inalira mpaka kutopa. Kambalame kofiirira, khosi loyera, pamphumi pabuluu, zala zazitali ngati zitsotso, kamayenda pamwamba pa masamba a kakombo osamira ayi. Nde ine ndikuyang'ana pa bainokyula ndikuona miyendo siiwiri, m'munsi mwa mapikomo mukulendewera timiyendo tina, ndinawerenga sikisi kuphatikiza yake iwiri ija eyiti. Ndinangoti Yesu wanga, izi ndi za anthu izi, mbalame ya miyendo eyiti?? Mtima unagunda zoona.

Aphunzitsi: Kkkkk Anaphiri musaope palibe za anthu pamenepo. Azungu amati jacana imeneyo, ndipo mwachita mwayi chifukwa ena takhala zaka tisanazione zimenezo ndi maso. Timiyendo munaonato ndi ta anapiye, anawapanira m'khwapa kuti awathawitse poti tinayandikira kwambiri. Nde chokoma kwambiri nchakuti amene ananyamula anawo si mayi ayi, ndi bambo. Kwa mbalame imeneyi yaikazi ndi imene ili yaikulu thupi, ikaikira mazira pa kachisa koyandama imamusiyira mwamuna kuti afungatire yekha, iyo ulendo kwa mwamuna wina kukaikiranso ena. Kufungatira, kulera, kuthawitsa ana, zonse bambo.

Nachisale UK: Ndamva ine!!! Mbalame imeneyo tiipange kukhala chizindikiro cha gulupu ino basi 😂

Bambo a Tadala: Aphunzitsi nkhani zinazi muzitiuza kumbali, gulupu ino muli akazi athu muno

Anaphiri: Ayi anene pompano. Mitala ya chizimayi ilipo kani ku dambo kkkk. Koma kunena zoona kanandimvetsa chisoni kabambo kaja, kamayenda mwa pang'onopang'ono ngati munthu wasenza ndowa yodzadza

Bambo a Tadala: Chabwino tasiyani zimenezo. Ine wanga Tadala chomwe sakusiya kukamba kunyumba kuno ndi kakowa wakuda bii uja amapanga ambulera. Amayenda pang'ono m'madzi osaya kenako mapiko onse awiri vindikiru kutsogolo mutu uli mkati, kukhala kaye phee, kenako tumphu watola kansomba, kuyendanso pang'ono kupanganso chimodzimodzi. Mwana wakhala akutengera ndi chitenje cha mayi ake kuyambira Lamulungu, dzulo wagwetsa nacho poto.

Aphunzitsi: Ameneyo ndi black heron. Mthunzi umene amapangawo tinsomba timathawiramo kuyesa pobisala, komanso iye amaona bwino pansi chifukwa dzuwa silikuthwanima pa madzi. Mukanayang'ana mapazi ake akamatukula mwendo ndi achikasu. Tadala ali ndi maso mwana ameneuja, ndi amenenso anayamba kuona ng'azi ija ife akuluakulu tikungodutsa.

Adimini: Ng'azi ija ndiilembe? Tinati tizilemba zonse osati mbalame zokha eti

Anaphiri: Lembani. Ndi nkhasi ziwiri zinali pa chigumula paja, ndi atombolombo ofiira aja. Katumbu sitinamuone koma Che Mdala anatilozera zitosi zake pa mwala zodzadza ndi zikamba za nkhanu

Che Mdala: Zikomo nonse munatiyendera kuno. Katumbu kuti mumuone muzifika kusanache kwenikweni, inu munafika dzuwa litatuluka kale komanso mukuseka njira yonse, katumbu samadikira anthu oseka. Ine ndikufuna ndinene za chisa cha nantchengwa chija, mnyamata wina mwa inu ankafuna kukwera mumtengo kuti akasuzumire ndinamuletsa mwina anakhumudwa. Kuno chisa chimenechija sitigwira. Makolo ankati wopasula chisa cha nantchengwa amapenga misala kapena nyumba yake imapsa, inu ophunzira muziti ndi zabodza koma taonani mbalame zina zonse ana amagenda, nantchengwa yekha amayenda pakati pa mudzi mopanda mantha.

Achimwene a ku 25: Ndinali ine madala pepani, sindinakhumudwe ayi. Ndimangofuna ndione ngati zili zoona zoti mkati muli zipinda

Aphunzitsi: Zipinda zambiri mulibe, ndi chipinda chimodzi chachikulu, khomo lili chammunsi cha m'mbali lomata ndi matope. Koma chisacho ndi chinyumba ndithu, chimatha kupitirira mita imodzi mulifupi ndipo denga lake munthu wamkulu atha kuimapo osaboola, timitengo masauzande ambiri mbalame ziwiri zokha kututa. Nde chodabwitsa amamanga zisa zingapo zina osagonamo nkomwe, ndiye zimalowedwa ndi akadzidzi, njuchi, ngakhale njoka. Ndiye Che Mdala anakuchitirani chifundo achimwene, mukanapisa dzanja mukanapatsana moni ndi mamba.

Che Mdala: Mwamva. Misala ija ndi imeneyo

Wa Legeni: Koma abale tisanamizane apa, zonse mwatchulazi kupatula nantchengwa ndi nkhwazi ndi ndiwo. Tsekwe mmodzi banja lonse kudya masiku awiri. Inu kuwotcha mafuta kuchoka ku Zomba mpaka ku Kachulu kukangoyang'ana ndiwo zikuuluka nkubwerako manja lende kkkkk

Nachisale UK: Adimini mchotseni uyu

Wa Legeni: Ndikunena chilungamo asisi, pa msika paja simunaone timbalame tokazinga tili mu beseni? Ndani sanagule anene

Anaphiri: Ine sindinagule ndipo zinandiwawa kwambiri. Mmawa ukusirira kanthu kakusambira ndi ana ake masana ukukapeza kali gada m'mafuta, ine ndinalephera ngakhale kudya chipisi pamalo paja. Boma likanangoletseratu basi, nyanja imeneija ndi yotetezedwa pa dziko lonse lapansi si choncho aphunzitsi?

Aphunzitsi: Ili m'ndandanda wa Ramsar inde, mgwirizano wa mayiko wosamalira madambo, ndi malo oyamba m'Malawi muno kulowamo, achiwiri ndi Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje uko omwe analowa mu 2017. Koma Ramsar sikutanthauza kuti ndi paki ngati Liwonde ayi, mgwirizano umenewu umalola anthu kugwiritsa ntchito dambo bola mwanzeru. Pamenepo ayankhe eni dera.

Che Mdala: Mayi Anaphiri ndimakulemekezani koma mundilole ndilankhule motalika pang'ono. Inu mumabwera kuno kawiri pa chaka ndi botolo la madzi ogula, ife tinabadwira pano. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangolandira kuchokera ku Likangala, Domasi, Phalombe, Thondwe ndi ina, ndipo ndi yosaya, mvula ikavuta zaka ziwiri zotsatana imaphwa. Bambo anga ankakamba za 1968, ine ndi maso angawa ndinaona 1995 anthu akuyenda pansi kupita ku Chisi, njinga kudutsa pamene timaponya makoka, 2018 zinabweranso. Nde tandiuzeni matemba kulibe, makumba kulibe, milamba yakwiririka m'matope, mpunga wapserera, mwana akulira, munthu atani? Amapita ku njedza kukatchera mbalame. Ine ndinaphunzitsa ana awiri sukulu ndi misampha, sindikubisa. Chimene tinaona ife tomwe nchakuti zikuchepa, ndiye kunabwera makalabu a osaka mbalame mothandizana ndi a bungwe losamalira chilengedwe la WESM nthambi ya Zomba, tinagwirizana malo ena osatcherako nkomwe, nyengo yoikira mazira osagwira, mazira osatola. Sikuti onse amamvera ayi, alipo akuba usiku ndipo alipo obwera ndi mifuti kuchokera kutali omwe si a kuno nkomwe. Koma mukati boma liletse zonse, amene azikalondera njedza yonseija usiku ndani? Msilikali wake uti angalowe m'matope ofika m'chiuno muja? Amene amadziwa pamene tsekwe waikira ndi wosaka yemweyo. Inuyo Loweruka amene anakulondolerani pa abakha paja mukuyesa anaphunzira kuti?

Anaphiri: Ndamva madala, pepani ngati ndinalankhula mothamanga. Koma mtima wanga sunasinthe pa za tokazinga tija, sindidzadya

Che Mdala: Osadya mayi, zitsalira ife kkkk

Bambo a Tadala: Mfundo ya Che Mdala ndi yomveka. Ine ndingoonjeza kuti tikamapita tizimulipira bwino wotilondolera ndi wa bwato, osamanenerera ngati tikugula tomato. Munthu akaona kuti tsekwe wamoyo wamubweretsera ndalama Loweruka lino ndipo adzamubweretseranso mwezi wa mawa aziganiza kawiri. Ulendo wathawu tinasonkha zochepa zinandichititsa manyazi.

Wa Legeni: apa nde mwalankhula bwana. ine legeni ndinasiya kalekale dzina lokha linatsala

Nachisale UK: Kkkk walapa. Koma anzanga mukundipatsa mtima wofuna kumudzi. Kuno kuli chisanu choopsa 4 koloko kwada kale, ku paki ndimapita kuli dziwe koma ndi abakha onenepa odya buledi wa azungu basi, sathawa munthu, mpaka umachita kuwapempha njira. Anamzeze anachoka September, munawalemba aja mwina ndi anga amenewo mundisungire

Aphunzitsi: Mwina ndithu ngakhale a ku Britain ambiri amakathera ku South Africa, anadziwa poveka timphete m'miyendo nkukazipeza kumeneko. Amene timaona kuno nthawi ya dzinja a kukhosi kofiira ndi mchira wa mphanda aja amachokera ku Ulaya ndi chakum'mawa kwake, amafika cha mu October nkunyamuka cha mu March kapena April. Kanthu kolemera magalamu 20 okha kudutsa chipululu cha Sahara. Koma si anamzeze onse amachoka, ena ndi a konkuno amamanga zisa za dothi pa khonde aja. Ndi timbalame totuwa tija timagwedeza matako m'mphepete mwa madzi tija, sandpiper, natonso ndi alendo a kumpoto komweko.

Nachisale UK: Opanda viza opanda pasipoti, ine kuno mapepala okha anandidyera chaka chathunthu

Achimwene a ku 25: 😂😂 mukanabadwa namzeze asisi

Adimini: Nanga adokowe akuda a pamimba poyera tinawapeza m'munda mwa chimanga pobwerera paja, analipo mwina 50, amenewonso ndi a ku Ulaya?

Aphunzitsi: Ayi amenewo ndi a mu Africa momwemuno, Abdim's stork, amaswana kumpoto kwa equator uko nkumatsata mvula kubwera kuno. Alimi aziwakonda chifukwa amadya ziwala ndi ntchemberezandonda. A ku Ulaya ndi oyera aja a milomo ndi miyendo yofiira.

Achimwene a ku 25: Ine ndili ndi dandaulo lina. Tikukamba za Chilwa koma madambo a m'tauni akutha tikuona. Kuseri kwa kwathu kuno ku Lilongwe kunali dambo lomwe tili ana tinkakawedza milamba ndi kukumba nyika, nkhwali zimalira mmawa uliwonse, nthawi ina tinaonako mphoyo ndi maso athuwa. Pano anthu anagawana mapuloti mpaka pakati penipeni pa madzi, ena athira zinyalala ndi zigumu kuti pakwere, mvula ikagwa nyumba zomwezo madzi m'mawindo nkumati tsoka. Si tsoka ayi dambo ndi njira ya madzi, onani zimene Lingadzi amachita ku Mtandire akakwiya. Koma chomwe ndikufuna kunena nchakuti maenje omwe anasiya oumba njerwa aja pano adzadza madzi, mwamera bango ndi kakombo, nde dzulo ndisanapite ku ntchito ndinakhalapo mphindi 30 zokha ndinaona kingfisher kakang'ono kabuluu ka mlomo wofiira, wina wa mawanga oyera ndi akuda uja amaima m'malere nkudzigwetsa m'madzi, timbalame tofiira psuu ta m'bango tija titatu tikudzitukumula, nantchengwa, ndi achule osawerengeka. Pa dzenje la njerwa!! Mafuta osawononga ngakhale dontho.

Anaphiri: Tofiirato ndimatikonda, koma nchifukwa chani timangooneka dzinja lokha? Chilimwe timapita kuti

Aphunzitsi: Sitipita kulikonse mayi, ndi ma bishop amenewo, amuna amavala zofiira nthawi ya chibwenzi yokha mvula ikayamba, ikatha nyengo yoswana amathothoka nkukhala otuwa ngati akazi awo, mumawaona tsiku ndi tsiku nkumati mpheta wamba. Chimodzimodzi a michira italiitali aja amavutika kuuluka pa udzu, chilimwe mchira umathothoka.

Nachisale UK: Amuna onse ndi choncho suti ndi ya pofunsira basi

Bambo a Tadala: Adimini tatetezeni lero tapanikizika

Adimini: Kkkk dzitetezeni nokha. Achimwene a ku 25 mfundo yanu ndaikonda, bwanji aliyense asankhe kadziwe kapena dambo la pafupi ndi kwawo azipitako kamodzi pa sabata nkumaponya pano zomwe waona, ulendo wautali uzikhala wa apo ndi apo. Mafuta ndi mmene akuvutiramu sitingamapite ku Chilwa mwezi uliwonse.

Mlongo Watsopano: Moni nonse ine ndalowa dzana, ndakhala ndikungowerenga. Ndilibe bainokyula ndilibe kamera, ndingayambe bwanji? Komanso kunena zoona ndimaopa njoka

Bambo a Tadala: Takulandirani mlongo. Yambani ndi maso ndi makutu basi, ndi kakope. Che Mdala alibe bainokyula koma amatchula mbalame ife tisanatulutse nkomwe zathu m'chikwama. Mukadzafuna kugula yang'anani yolembedwa 8x42, musanyengeke ndi zinambala zikuluzikulu zija 20x50 zimanjenjemera m'manja simuona kanthu, ine yanga ndinaipeza pa kaunjika ndipo musanalipire yang'anirenimo kaye ngati sikuonetsa zinthu ziwiriziwiri. Chithunzi mutha kujambula pogunditsa kamera ya foni pa diso la bainokyula, chimatuluka bola.

Achimwene a ku 25: Ikaninso pulogalamu yozindikira mbalame ya Merlin pa foni ndi yaulere, koma dawunilodani pa wifi ndi yolemera. Chithunzi imayesetsa, koma zozindikira kulira kwa mbalame za kuno imaphonya kwambiri musamaikhulupirire zonse, ine inangokhala duu pumbwa akulira pamphuno pake penipeni

Anaphiri: Za njoka valani magambutsi ndi thalauzi ndipo muziyenda m'kanjira osati kungolowa pa udzu. Koma choopsa chenicheni pa madzi oima si njoka ndi likodzo, ine ndimagwira ku chipatala ndimaziona. Tizilombo take timachokera mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi nkulowa pa khungu, simumva kuwawa kulikonse, mudzangoona patapita masabata. Osavula nsapato nkumaponda m'madzi chifukwa choti kwatentha. Adimini inuyo munagwera muja mukayezetse pakatha miyezi iwiri, mankhwala ake alipo praziquantel, sindikuseka.

Adimini: Ndamva adokotala ndipita

Che Mdala: Ndionjezepo chimodzi chofunika kuposa zonsezo. Mukafika dera lachilendo musangotsika galimoto nkuyamba kuloza nyumba za anthu ndi zipangizo zanuzo m'bandakucha. Pitani kaye kwa amfumu kapena pezani munthu wa pamudzi muziyenda naye. Mukukumbuka za anamapopa 2017 ku Mulanje ndi Phalombe anthu anafa chifukwa chongokayikiridwa. Ena amayesa mukuyeza malo kuti muwalande. Moni yekha amatsegula njira, ndipo ana akakuunjikirani apatseni ayang'anemo kamodzi, mawa ndi omwewo adzakuuzeni pamene pali chisa m'malo mochigenda. Ndipo zovala zofiira ndi zoyera mbee muzisiya kunyumba, wina anabwera ndi sipika Loweruka sinditchula dzina.

Achimwene a ku 25: inali ya mgalimoto madala sindinatsike nayo 🙈

Mlongo Watsopano: Zikomo kwambiri nonse. Kuseri kwa sukulu yomwe ndimaphunzitsa kuli kadambo, ndiyamba Lachisanu

Aphunzitsi: Muzilemba tsiku, nthawi, malo ndi nambala ya mbalame, ngakhale zikhale khwangwala. Amene muli ndi eBird, pulogalamu yolembamo mbalame zomwe mwaona, ikani momwemo. Kuwerenga mbalame za m'madzi kumachitika January ndi July, nde July ikubwerayi ndikufuna tidzabwererenso malo omwewa tidzafananize madzi atatsika, alendo a ku Ulaya adzakhala atapita koma zotsalazo zimaunjikana pamodzi.

Adimini: Chabwino. Tsono ulendo wa mwezi wa mawa pali maganizo atatu, ku phiri la Zomba kuzungulira damu la Mulunguzi ndi Chagwa, ku Liwonde, kapena dambo la Mpatsanjoka ku Salima lomwe a ku Lilongwe akhala akulirira. Voterani.

Bambo a Tadala: Liwonde ndi yabwino, Lilian's lovebird ndi kadzidzi wamkulu wodya nsomba uja ali kumeneko, koma polowa pamalipiridwa ndipo nthawi ya mvula ino misewu ina mkatimo sidutsika, bwato nalonso ndi ndalama. Tidikire chilimwe. Ine Zomba.

Anaphiri: Zomba inenso, ndikufuna nkhulukulu ndiione bwinobwino ikatambasula mapiko ofiira aja, ulendo watha ndinangoona mchira. Ndi white-winged apalis aphunzitsi anatilonjeza chaka chatha

Aphunzitsi: Sindinalonjeze ndinati tikachita mwayi

Achimwene a ku 25: Mpatsanjoka inu, nthawi zonse ife a chigawo chapakati ndi amene timakwera basi usiku. Dzina lokha lisakuopseni mlongo watsopano kkk

Wa Legeni: kulikonse ine ndilipo ulendo uno ndidzuka

Anaphiri: Mugone kwa adimini kuti tikhulupirire

Adimini: Zomba 2, Salima 1, enanu muvote pofika Lachitatu madzulo. Mndandanda wa Loweruka ndauphatikiza wafika mitundu 34 kuphatikizapo ng'azi ndi nkhasi, ndiutumiza usiku netiweki ikakhala bwino. Komanso mgalimoto mwanga mwatsala fulasiki yobiriwira ndi chipewa cha mwana.

Bambo a Tadala: Chipewa ndi chathu. Fulasiki ngati mulibe mwini ndi yathunso

Anaphiri: Ndi yanga imeneyo musayerekeze